Mbiri ya Tsitsi M'dera la Chiringa

Chiringa ndi malo a malonda amene ali m'boma la Phalombe, kufupi ndi phiri la Michesi ndiponso malire a dziko lino ndi Mozambique. Anthu ambiri a m'derali ndi Alomwe, amene makolo awo anayamba kulowa muno mwaunyinji chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kupeza Amang'anja ndi Ayao atakhazikika kale. Kawirikawiri mbiri ya dera lotere imalembedwa potsata mafumu, nkhondo ndi misonkho. Komatu ilipo mbiri ina imene munthu aliyense amaisenza pamutu pake, ndiyo ya tsitsi. Tikailondola bwino tiona kuti kwa zaka zoposa 160 funso lakhala limodzi lomweli: kodi woyenera kulamula tsitsi la munthu ndani, ndipo kodi wolamulayo amalabadira thanzi ndi ulemu wa mwini mutu?

Umboni wakale wolembedwa tikuupeza kwa David Livingstone, amene anafika pa nyanja ya Chilwa, kumpoto kwa Chiringa, m'chaka cha 1859. M'buku la maulendo ake limene linasindikizidwa mu 1865 iye anafotokoza kuti amuna a Chimang'anja ankanyadira tsitsi lawo kwambiri. Ena ankalikonza kuti lifanane ndi nyanga za njati, ena ankalipota ngati zingwe ndi kulikulunga ndi luzi, ena ankalisiya lilendewere mpaka m'mapewa, pamene ena ankameta mbali zina mwaluso kuti pamutu paoneke zithunzi. Analiponso ometa mpala. Izi zikutiphunzitsa kuti tsitsi lalitali kapena lopota pamutu pa mwamuna si chinthu chobwera ndi alendo ayi. Makolo a m'chigawo chino analidziwa masukulu asanamangidwe.

Tsitsi lotere linkafuna chisamaliro. Amayi ankakazinga nsatsi, kuzisinja ndi kuziwiritsa m'madzi mpaka mafuta atayandama pamwamba, kenaka ankawayengula ndi kuwasunga m'nsupa. Mafutawa ankadzola pathupi ndi pamutu pomwe. Akatswiri a matenda a khungu lero amafotokoza chifukwa chake nzeru imeneyi inali yolondola. Khungu la pamutu limatulutsa mafuta akeake, koma pakuti tsitsi la munthu wakuda ndi lopiringizika, mafutawo sayenda msanga kuchokera kutsinde kufika kunsonga. N'chifukwa chake tsitsi lathu limauma ndi kuthothoka mosavuta, makamaka nthawi ya chilimwe. Kudzola kumaliteteza kuti lisataye chinyezi, ndipo kuluka kumachepetsa kulipesapesa kumene kumalidula. Makolo sanaphunzire zimenezi m'kalasi, koma anaziona ndi maso pa mibadwo yambiri.

Kuwonjezera pa kukongoletsa, tsitsi linali ngati chilankhulo cha mudzi. Khanda likamatuluka m'chikuta ankalimeta tsitsi lobadwa nalo. Anamwali ankametedwa kusonyeza kuti asiya chibwana ndipo alowa m'gulu la akuluakulu. Maliro akachitika, abale ankasonkhana patapita masiku ndi kumetana, ndipo mpaka lero mwambo wotsanzikana ndi malemu umatchedwa kumeta, ngakhale m'mabanja amene lumo silikhudzanso mutu wa munthu. Tsitsi lometedwa silinkatayidwa chisawawa poopa kuti munthu wa mtima woipa angalitole ndi kuchitira mwiniwake zamatsenga. Pa nthawi imeneyo wolamula tsitsi anali mwambo wa banja ndi mudzi, ndipo kumeta kulikonse kunali ndi tanthauzo lodziwika kwa wometa ndi wometedwa yemwe.

Zinthu zinayamba kusintha pamene dziko lino linalowa m'manja mwa Angerezi mu 1891. Mu 1893 atsamunda anamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Pambuyo pake panadza masukulu a mishoni, usilikali, upolisi ndi ntchito za m'minda ya Azungu. M'malo onsewa mwamuna wometa mwaufupi ndiye ankaonedwa kuti ndi waukhondo ndi womvera. Sitingakane kuti panali chifukwa chenicheni cha zaumoyo, pakuti ana ambiri akaunjikana m'chipinda chimodzi nsabwe ndi zipere zimafala msanga, ndipo mutu wometa suvuta kuusambitsa. Koma pamodzi ndi ukhondowo panalowanso maganizo akuti kakonzedwe ka tsitsi ka makolo n'kachikunja ndi kotsalira. Patapita mibadwo iwiri kapena itatu, anthu anafika poyesa kuti kumeta mwaufupi ndiwo mwambo wathu wa chikhalire, naiwala kuti mwambowo unadza ndi belu la sukulu ndi lipenga la asilikali.

Ufulu wodzilamulira utabwera mu 1964, mphamvu pa tsitsi sizinabwerere kwa eni mitu. Mu 1973 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi. Pa nyengo yomweyo amuna analetsedwa kusunga tsitsi lalitali, ndipo malire ake anali akuti tsitsi lisatsike kupitirira mzere wolingana ndi pakamwa. Alendo ofika pa bwalo la ndege la Chileka ali ndi tsitsi lalitali ankayenera kumeta asanaloledwe kulowa m'dziko. Mnyamata wa kumudzi ngati wa ku Chiringa sankafunika n'komwe kuliwerenga lamulolo, pakuti mantha okha ankakwanira kumufikitsa kwa wometa. Lamulo la kavalidwe linafafanizidwa mu 1993, chaka chimene Amalawi anasankha ndale za zipani zambiri pa 14 June.

Kwa amayi, wolamula wina anadza mwakachetechete, ndiye msika. Luso lowongola tsitsi ndi chipeso chachitsulo chotenthetsa linatchuka pakati pa anthu akuda a ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, nthawi imene Madam C.J. Walker, amene anamwalira mu 1919, analemera ndi malonda a mafuta a tsitsi. Luso limeneli linafika kuno kudzera m'mizinda ndi mwa anthu obwerera kuchokera ku Salisbury ndi ku Johannesburg. Amayi a kumudzi ankaika chipeso pamakala, ndipo ambiri anapsa makutu ndi pachipumi pofuna tsitsi losalala. Kenaka panabwera mankhwala owongolera tsitsi, meshi ndi mawigi, ndipo masaluni anatsegulidwa ngakhale m'misika ing'onoing'ono.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ena mwa mankhwala owongolera tsitsi ali ndi sodium hydroxide, amene amagwiritsidwanso ntchito popanga sopo. Mankhwalawa amawongola tsitsi pothyola timfundo ta m'kati mwake, motero tsitsilo limafooka, ndipo akakhalitsa pamutu amawotcha khungu ndi kusiya zilonda. Mu 2022 ofufuza a bungwe la National Institutes of Health ku America anapeza kuti amayi amene ankagwiritsa ntchito mankhwala otere pafupipafupi ankadwala khansa ya chiberekero mochuluka kuposa amene sankawagwiritsa ntchito. Nakonso kuluka komangitsa kwambiri kuli ndi vuto lake. Tsitsi likamakokedwa mwamphamvu kwa miyezi ndi zaka, mizu yake imafa, makamaka m'mbali mwa chipumi, ndipo pamene mizu yafa tsitsi silimeranso ngakhale munthu adzole mafuta odula chotani.

Lumo nalonso linasintha mbiri yake. Kale lumo limodzi linkayenda pamitu ya abale onse pa mwambo wa kumeta. Matenda a Edzi atadziwika m'dziko muno mu 1985, a zaumoyo anayamba kulangiza kuti munthu aliyense akhale ndi lezala lake, chifukwa mpeni wokhudza magazi a munthu mmodzi ungathe kupatsira wina matenda. Makina ometera amene sapukutidwa ndi mankhwala amafalitsanso zipere kuchokera pamutu wina kupita pamutu wina. Tsono ukhondo weniweni suli pa kufupika kwa tsitsi kokha, koma pa zipangizo zometera, madzi, sopo ndi chakudya. Mwana wosowa zakudya zomanga thupi tsitsi lake limafiira ndi kupyapyala, ndipo mankhwala ake si mafuta a m'botolo koma nyemba, nandolo, nsomba ndi mazira.

Mutu wotsiriza wa mbiriyi unalembedwa m'bwalo la milandu. Chipembedzo cha Chirasta chinayamba ku Jamaica m'zaka za m'ma 1930, ndipo otsatira ake sameta tsitsi potsata lumbiro la Mnaziri lopezeka m'buku la Numeri. Ngakhale maphunziro aulere a pulayimale anayamba mu 1994, ana a Chirasta anapitiriza kubwezedwa m'masukulu a boma pokhapokha atameta. Makolo a ana awiri, wina wosankhidwa kupita ku Malindi Secondary School ku Zomba ndi wina wofuna malo pa Blantyre Girls Primary School, anakasuma. Mu January 2020 woweruza Zione Ntaba wa Bwalo Lalikulu ku Zomba analamula kuti ana otere alandiridwe podikira chigamulo. Pa 8 May 2023 iye anagamula kuti kuwakaniza sukulu chifukwa cha tsitsi n'kuphwanya ufulu wa maphunziro ndi wa chipembedzo, ndipo analamula Unduna wa Zamaphunziro kudziwitsa masukulu onse a boma pofika pa 30 June chaka chomwecho. Chigamulochi chikukhudza sukulu ya ku Chiringa chimodzimodzi ndi ya mumzinda wa Blantyre.

Mbiri imeneyi yationetsa olamula tsitsi osiyanasiyana: mwambo, sukulu, boma ndi msika. Aliyense wa iwo ankanena kuti akufunira munthu zabwino, koma si onse amene anamufunsa mwini mutu. Lero ufulu wosankha ndi waukulu kuposa umene agogo athu anali nawo mu 1973, ndipo ufuluwo wadza ndi udindo. Wophunzira amene wameta, amene waluka ndi amene wapota tsitsi lake, onse ayenera kulitsuka, kulidzola, kupewa kubwerekana zipeso ndi malezala, ndi kufunsa zimene zili m'mankhwala asanawapake pamutu. Koposa zonse, ayenera kukumbukira kuti tsitsi lopiringizika limene anabadwa nalo silisowa kupepeseredwa kwa wina aliyense, pakuti makolo a pansi pa Michesi analinyadira kalekale.