Ulendo wa Angoni ukudikira mlakatuli

Agiriki akale anasunga ulendo wa Odysseus m'ndakatulo ya mizere yoposa 12,000, imene amati anapeka ndi Homer cha m'ma 700 Yesu asanabadwe. Mfumu Odysseus inatha zaka khumi ikuvutika panyanja pochokera kunkhondo ya ku Troy kubwerera kwawo ku Ithaca. M'ma 1930, katswiri Milman Parry anaonetsa kuti ndakatulo zoterezi zinkayamba pakamwa pa oimba, kulemba n'kubwera pambuyo. Ngati zili choncho, kuno ku Chipata zipangizo zonse zomangira ndakatulo yotere tili nazo kale.

Zwangendaba, mfumu ya Angoni, anachoka kumwera cha m'ma 1820, Shaka atagonjetsa Andwandwe. Mu November 1835 anthu ake anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo, dzuwa litada masanasana, ndipo kadamsana ameneyu ndi amene anathandiza akatswiri kudziwa chaka chenichenicho. Mfumuyo inakafera ku Mapupo, m'dziko la Afipa, m'ma 1840. Mtundu unagawikana, ndipo mwana wake Mpezeni anabwerera chakumwera, nadutsa kwa Ansenga, mpaka kukhazikika kuno cha m'ma 1870. Zaka pafupifupi makumi asanu panjira! Ana obadwira paulendo anafika ali ndi imvi. Mu 1898 asilikali a Angerezi anathyola ufumuwo, Nsingo mwana wa Mpezeni anawomberedwa, ndipo mwambo wa Nc'wala unazilala kufikira 1980.

Wina anganene kuti Odysseus ankapita kwawo pamene Angoni ankapita kulikonse kumene kunali ng'ombe ndi nthaka. N'zoona, komatu funso la kumene kuli kwawo kwa mtundu woyendayenda ndi lozama kuposa la munthu mmodzi wolakalaka mkazi wake. Chotsutsa chachikulu n'chakuti ulendowu unali wa nthungo: Achewa ndi Ansenga anaphedwa, midzi inapsa, ambiri anagwidwa. Izi siziyenera kubisidwa. Naye Homer sanabise kulira kwa akazi a ku Troy. Ndipotu ogwidwawo ndiwo anakhala amayi a Angoni a lero, n'chifukwa chake kwa Mpezeni anthu amalankhula Chinsenga. Ndakatulo yosiya mawu awo ingakhale yabodza.

Chodetsa nkhawa n'chakuti nyimbo za ingoma ndi zithokozo za mafumu zili m'Chingoni chakale chimene ochimva bwino atsala ochepa. Alakatuli ndi aphunzitsi a Chinyanja, mukapita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu February musakangoonera gule. Khalani pansi ndi agogo, mujambule mawu awo ndi matanthauzo ake akadali moyo.