Momwe Chinepali chimapangira ziganizo za "ngati"

Ku Phalula m'boma la Balaka, kumene mvula imakonda kuchedwa ndi kudula msanga, zokamba za mlimi zimadzaza ndi ziganizo zodalira zinazake: "Mvula ikagwa tibzala," kapena modandaula, "Ikanagwa chimanga sichikanauma." Alimi a m'mapiri a ku Nepal nawo amalima chimanga, chomwe amachitcha makai, ndipo amayankhula zofananazo, koma kamangidwe ka ziganizo zawo n'kosiyana ndi ka Chichewa.

Chinepali ndi chiyankhulo cha boma la Nepal malinga ndi malamulo a dzikolo a 2015, ndipo chimalembedwa m'zilembo za Devanagari. Amalawi ena amakumana nacho pa ntchito yosungitsa mtendere ya United Nations ku Democratic Republic of Congo, kumene asilikali a Malawi akhala akutumikira m'gulu lapadera lolimbana ndi zigawenga kuyambira 2013, ndipo Nepal nayo ili ndi asilikali kumeneko.

Mawu otsekera

M'Chichewa mlumikizi "ngati" amatsogolera, monganso "naga" m'Chiyao. M'Chinepali mneni amakhala kumapeto, ndipo mawu ogwira ntchito ya "ngati", omwe ndi bhane, amabwera pambuyo pa mneniyo. Mawuwa anachokera ku mneni bhannu, kutanthauza kunena. Alipo mawu ena, yadi, omwe amaikidwa koyambirira, makamaka polemba, koma angathe kusiyidwa tanthauzo osasintha.

Zomwe zingathe kuchitika

Apa ndi pomwe wophunzira amapunthwa kawirikawiri. Ngakhale nkhaniyo ikhale ya m'tsogolo, mneni wotsogolera bhane nthawi zambiri amakhala m'nthawi yakale. Chiganizo chakuti Paani paryo bhane ma makai chharchhu chimatanthauza "Mvula ikagwa ndibzala chimanga," chikhalirecho paryo payekha ndi "inagwa". Ntchito yomwe Chichewa chimagwira ndi mphatikiri -ka-, Chinepali chimaigwira pophatikiza nthawi yakale ndi bhane.

Pokana, mneni ndiye amasintha: Paani parena bhane makai sukchha, "Mvula ikapanda kugwa chimanga chiuma." Polemba zidziwitso ndi malamulo, anthu amafupikitsa poika -ema kumapeto kwa mneni, kotero paani parema ndi chimodzimodzi paani paryo bhane.

Zomwe sizinachitike

Pokamba za mwayi womwe unapita, Chichewa chimagwiritsa ntchito -kana- kapena -kada- mbali zonse ziwiri za chiganizo. Chinepali chimaika -eko bhae kumbali yoyamba, ndipo kumbali yachiwiri mneni amathera ndi -ne n'kutsatidwa ndi thiyo, kapena thiena pokana. Motero Paani pareko bhae makai sukne thiena ndiko kuti "Mvula ikanagwa chimanga sichikanauma." Mawu akuti thiyo amasintha potengera mwininkhani, ndipo woyankhula akamanena za iye mwini amati thie.

Kusiyana kwa bhane ndi bhae ndi chilembo chimodzi chokha, koma pa nkhani ya ngongole kungadanitse anthu. Wonena kuti Paisa bhayo bhane ma dinchhu akulonjeza: "Ndalama zikapezeka ndipereka." Wonena kuti Paisa bhaeko bhae ma dine thie wakana mwaulemu: "Ndalama zikanakhalapo ndikanapereka." Womva mosasamala angadikire ndalama zomwe sizikubwera.

"Ngakhale" ndi "apo ayi"

Pofuna kunena kuti "ngakhale", mneni amathera ndi -e n'kutsatidwa ndi pani: Paani pare pani ma jaanchhu, "Ngakhale mvula igwe ndipita." Khutu liyenera kusiyanitsa paani wa "a" wotalika, yemwe ndi madzi kapena mvula, ndi pani wamfupi. Mawu akuti natra amafanana ndi "apo ayi", ndipo amatsogolera chenjezo.

Woyankhula Chichewa ali ndi poyambira pabwino, chifukwa chiyankhulo chake chimalekanitsa kale chiyembekezo cha "ikagwa" ndi dandaulo la "ikanagwa". Chomwe ayenera kuzolowera ndi kudikira mpaka mbali yoyamba ya chiganizo ithe, pakuti m'Chinepali mawu osonyeza kuti nkhaniyo ndi lonjezo kapena dandaulo amamveka pomalizira.