Mfunda

Mfunda ndi dzina la pfuko limene munthu amabadwa nalo, monga Phiri, Banda, Mwale kapena Mbewe. Ena amati chiwongo. Kwa amayi timaika Na- kutsogolo: Naphiri, Nabanda, Nambewe. Kuthokoza munthu pomutchula mfunda wake ndi ulemu waukulu.

Wofufuza mbiri ya makolo ake agwiritse ntchito mfunda. Mishoni zitafika, monga ya ku Mvera mu 1889, obatizidwa ambiri analembedwa m'mabuku a mpingo ndi mayina atsopano, ndipo ana anayamba kutenga dzina la bambo awo ngati lachiwiri. Mayina otere amasintha mbadwo ndi mbadwo, koma mfunda umakhalitsa. Komabe a Phiri onse si a bere limodzi. Funsaninso za mudzi, mfumu ndi mwini mbumba agogo akadali moyo.