Bwalo la Gay Meadow ndi kabwato kake

Mwa mabwalo a mpira amene anatha, limene ndimakonda kulikamba ndi Gay Meadow, m'tauni ya Shrewsbury ku England. Timu ya Shrewsbury Town inasewera pamenepo kuyambira caka ca 1910 mpaka 2007.

Bwaloli linali m'mphepete mwa mtsinje wa Severn. Wosewera akamenya mwamphamvu, mpira unkagwera m'madzi. Ndiye panali bambo Fred Davies, amene ankadikira ndi kabwato kozungulira ngati licero, n'kupalasa kukautola.

Mu 1961 anthu 18,917 anadzaza bwaloli posewera ndi Walsall. Mu Janeiro 2003 timu yaing'onoyi inagonjetsa Everton 2-1 mu FA Cup, ndipo zigoli zake ziwirizo anamwetsa Nigel Jemson.

Koma mtsinje womwewo unkavutitsa. Madzi akasefukira bwalo linkamira, masewero n'kuimitsidwa. Njira yolowera inalinso yopapatiza. Mu 2007 timu inasamukira ku bwalo latsopano kumapeto kwa tauni, lakale linagwetsedwa, pamalopo panamangidwa nyumba.

Bwalo likagwa, cotsala ndi zimene oonera akukumbukira. Ngati kwanu kuli bwalo lakale, funsani akuluakulu akadali moyo, mulembe.