Maboti Opulumutsira Anthu Pafupi ndi Gombe

Maboti olimba pansi koma okhala ndi chubu cha mpweya m'mbali mwake ndi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri populumutsa anthu pafupi ndi gombe la nyanja. Malo otere amakhala osaya ndiponso amiyala, moti maboti akuluakulu sangafikemo mosavuta, pamene munthu amene akumira sangadikire nthawi yaitali.

Luso lopanga mabotiwa linayambira pa sukulu ya Atlantic College, ku Wales, m'zaka za m'ma 1960. Maboti a mphira amene ophunzira ankagwiritsa ntchito ankang'ambika pansi chifukwa cha miyala ya m'gombe la Bristol Channel. Motsogozedwa ndi mkulu wa sukuluyi, Rear Admiral Desmond Hoare, ophunzirawo anayamba kuwaikira matabwa olimba pansi. Pambuyo pake umwini wa lusoli unagulitsidwa pa mtengo wa paundi imodzi yokha ku bungwe la Royal National Lifeboat Institution (RNLI), lomwe lakhala likupulumutsa anthu panyanja kuyambira mu 1824.

Mbali ziwiri za botili zili ndi ntchito zosiyana. Pansi polimbapo pamang'amba mafunde, kotero boti limathamanga ndi kukhota bwino. Chubu chimalithandiza kuyandama, chimaliteteza likagunda mwala kapena boti lina, ndipo sichivulaza munthu amene akukokedwa m'madzi. Chubuchi chimagawidwa m'zigawo kuti chigawo chimodzi chikaphwa, zinazo zikhalebe ndi mpweya.

Bungwe la RNLI linayamba kugwiritsa ntchito mtundu wa Atlantic 21 mu 1972, Atlantic 75 mu 1993, ndipo Atlantic 85 mu 2005. Atlantic 85 ndi lotalika mamita oposa 8, lili ndi injini ziwiri, ndipo limathamanga pafupifupi makilomita 65 pa ola. Mumakwera opulumutsa atatu kapena anayi. Likagudubuzika, iwo amatulutsira mpweya m'thumba lomwe lili pa chitsulo chakumbuyo, botilo n'kutembenuka. Injini zake zinakonzedwa moti zikhoza kulizidwanso ngakhale zitamira.

Komabe mabotiwa ali ndi malire ake. Alibe denga, mafuta ake amatha pakangopita maola ochepa, ndipo namondwe akakula kwambiri ntchitoyo imasiyidwa m'manja mwa maboti akuluakulu. N'chifukwa chake aliyense woyenda pamadzi ayenera kuvala jekete yoyandamitsa, popeza ndiyo imasunga moyo wake mpaka thandizo litafika.