Makina a kudoko la zombo omwe anaonetsa mtima ukugunda

Mtima uli ndi mavavu anayi, tizitseko totsegukira mbali imodzi. Kachitseko kakauma kapena kakayamba kudontha, mnofu wa mtima umagwira ntchito yopyola mlingo, umakhuthala, kenako umalefuka. Kwa zaka zoposa 200 madokotala akhala akufunafuna njira yodziwira kuti mnofuwo watopa kufika pati.

Mu 1816, René Laennec wa ku Paris anakulunga pepala, naliika pachifuwa cha wodwala, ndipo anamva mtima bwino kuposa kale. Ndiko kunachokera stethoscope ija madokotala amakoleka m'khosi. Komatu khutu limangomva phokoso la magazi pa vavu, za mnofu silinena zambiri.

Mu 1929, Werner Forssmann wa ku Germany analowetsa kachubu mumtsempha wa mkono wake womwe mpaka kumtima, n'kupita kukajambulitsa X-ray. Akuluakulu anzake anamudzudzula, koma mu 1956 analandira Nobel limodzi ndi André Cournand ndi Dickinson Richards, omwe anagwiritsa ntchito njirayi poyeza mphamvu ya magazi m'zipinda za mtima.

Ku Lund, dziko la Sweden, Inge Edler ankayeza odwala asanapite ku opaleshoni. Nthawi imeneyo vavu yopanikizika ankaikulitsa ndi chala, koma ngati vavuyo inali yodonthanso, opaleshoniyo sinkathandiza. Edler ankafuna kusiyanitsa ziwirizi chifuwa chisanang'ambidwe. Mnzake Hellmuth Hertz, katswiri wa fizikisi, anabwereka makina kukampani yopanga zombo ya Kockums ku Malmö, makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo. Pa 29 October 1953 anajambula khoma la mtima likuyenda. Echo inayambira pamenepo.

Mavavu opanga atayamba kuikidwa, monga ya Starr-Edwards mu 1960, madokotala anaphunzira chinthu chowawa: mutha kusintha vavu bwinobwino wodwala osachira, chifukwa mnofu unaonongeka kale. N'chifukwa chake lero amayeza gawo la magazi lomwe mtima umatulutsa ukagunda kamodzi. Mtima wabwino umatulutsa pakati pa 50 ndi 70 peresenti. Vavu ya mitral ikamadontha kwambiri, salola kuti chiwerengerochi chitsike pansi pa 60 asanachite opaleshoni, ngakhale wodwala akuti ali bwino. MRI nayo tsopano imaonetsa zipsera mumnofu momwemo.

Kuno kwathu mavavu ambiri amaonongeka ndi rheumatic fever, yomwe imayamba ndi zilonda zapakhosi paubwana. Mu 2018 mayiko a WHO anagwirizana zolimbana ndi matendawa. Echo ilipo ku Queen Elizabeth ndi ku Kamuzu Central, koma ambiri amafikako miyendo itatupa kale. Mwana akamadandaula pakhosi, kapena akamapuma movutikira pokwera kachitunda, musadikire kuti ziona zokha. Penisilini woperekedwa msanga amateteza vavu, ndipo echo yochitidwa msanga imapeza mnofu usanalefuke.