Kucokera pa Nyengo ya Maliro Kufika pa Nyengo ya Mankhwala

Abale ndi alongo, ife alimi timadziwa kuti caka cimasinthasintha: dzinja la mvula ndi njala, masika a zokolola, cisanu ca mu June, kenaka cilimwe ca dzuwa loswa mtengo. Matenda nawonso ali ndi nyengo zake. Lero tikumbutsane mbiri ya matenda a Edzi m'dziko lathu, pakuti munthu amene waiwala kumene anacokera amavutika kuyamika.

Wodwala Edzi woyamba kudziwika muno m'Zambia anapezeka mu 1984. Zaka zotsatira zinali za maliro okhaokha. Kumidzi tinawacha matendawa kaliwondewonde, cifukwa munthu ankatha thupi tikuona. Mankhwala kunalibe. Minda inagonera poti olima ake anali pamphasa kapena kumanda, ndipo agogo anayambanso kubereka makanda kumbuyo. Ena ankati ndi ufiti, ena ankati ndi cilango. Wodwala ankapatsidwa mbale yake ndi kapu yake, n'kumubisa m'nyumba alendo akabwera.

Ngakhale m'nyengo yowawa ija, ena anadzala mbewu zimene tikudya lero. Mu 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse kuti mwana wake wamwamuna, amene anamwalira mu 1986, anafa ndi Edzi. Mtsogoleri atalankhula cotero, anthu anayamba kumasuka pakamwa. Caka comweco cipatala ca Chikankata, ca mpingo wa Salvation Army kufupi ndi Mazabuka, cinayamba kutumiza anchito ake kukasamalira odwala kumakomo kwawo. Mipingo yambiri inatengerapo. Amayi ankayenda mtunda wautali kukasambitsa odwala, kuwaphikira phala ndi kupemphera nawo, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga.

Mu 1990 mnyamata wina dzina lake Winstone Zulu anakhala munthu woyamba m'Zambia kunena poyera kuti ali ndi kacirombo ka HIV. Anali wolumala mwendo kuyambira ali mwana cifukwa ca poliyo, anadwalanso cifuwa cacikulu, ndipo abale ake angapo anafa ndi cifuwa comweco. Ambiri ankaganiza kuti sakhalitsa. Koma anakhala zaka 21 akuyenda m'maiko kulankhulira odwala, mpaka anamwalira mu 2011.

Mankhwala amphamvu oletsa kacirombo kuswana m'thupi analengezedwa mu 1996 pa msonkhano wa ku Vancouver, m'dziko la Canada. Mtengo wake unali woposa madola 10,000 pa munthu mmodzi pa caka. Kwa ife zinali ngati kuona nkhokwe yodzaza kutsidya kwa mtsinje wosefukira. Mu 2001 kampani ya ku India yochedwa Cipla inati idzagulitsa mankhwala otere pa madola 350 pa caka. Thumba la Global Fund linayamba mu 2002, ndipo thandizo la PEPFAR la boma la America linalengezedwa mu 2003. Kuno kwathu boma linayamba kupereka ma ARV pa zipatala ziwiri, UTH ku Lusaka ndi Ndola Central, mu 2002, ndipo pofika 2005 anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma.

Ambiri a ife tinaona ndi maso athu anthu amene tinali titawalira kale akudzuka, n'kunyamula khasu. Lero anthu oposa miliyoni imodzi m'Zambia akumwa ma ARV, ndipo ambiri amamwa mbulu umodzi wokha pa tsiku. Mayi wokhala ndi kacirombo, akatsata malangizo a kucipatala, amatha kubereka mwana wopanda kacirombo. Matenda amene anali imfa yosapeweka asanduka matenda okhala nawo, monga shuga, BP, mphumu ndi khunyu.

Komabe kukhala nawo kuli ndi dzinja lakenso. Mvula ikakula mitsinje imadzaza ndipo njira ya kukiliniki imaduka. Mu February nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndipo kumwa mankhwala m'mimba muli gwaa sikophweka. Pali masiku amene munthu amatopa nawo mankhwala, makamaka thupi likamamveka bwino. Winstone Zulu yemwe nthawi ina anasiya kumwa atamvera anthu okayikira zoti kacirombo ndiko kamayambitsa Edzi. Anadwala kwambiri, anayambiranso kumwa, ndipo pambuyo pake ankacenjeza ena kuti asayese. Pempherani, abale, koma mankhwala musataye, ngakhale wina atakuuzani kuti mwacira.

Zaka zaposacedwa zatikumbutsa kuti zokolola sizibwera zokha. Cilala ca 2024 cinapsereza cimanga m'madera ambiri. Mu 2025 thandizo locokera kunja linagwedezeka, ndipo mitima ya ambiri inadumpha poganizira za mankhwala a mawa. Mantha amenewa ndi oona. Koma tikayang'ana m'mbuyo tikuona kuti m'badwo wa amayi a mu 1987 unapirira wopanda ngakhale mbulu umodzi m'manja. Ngati iwo anasamalirana ali cimanjamanja, ife tili ndi cifukwa cotani cogwera mphwayi?

Kuyamika kwa mlimi kumaoneka pa nchito yake: amasunga mbewu, amafolera denga mvula isanagwe. Ifenso tiyamike motero. Amene tikumwa mankhwala tikafunse kukiliniki za kulandira a miyezi ingapo dzinja lisanafike, tisunge tsiku lokaonana ndi adokotala monga timasungira tsiku la Sabata. Amene tili bwino tisiye kambale ka ufa kwa mnansi wodwala, timubwereke njinga, timulimireko mizere iwiri. Ndipo m'mawa uliwonse pomeza mankhwala, tikumbuke abale athu amene anapita asanawaone, tithokoze Mulungu cifukwa ca tsiku limene watipatsa, kenaka titenge khasu tipite kumunda.